Pitsa Yathu ya pa Mbaula

Kwathu nkhani ya pitsa inayamba ngati mkangano. Ana athu atatu atailawa kamodzi m'tauni, mwezi ukangotha nyimbo inali imodzi: "Amayi, pitsa!" Ife tinali ndi zifukwa ziwiri zokanira. Mtengo wa pitsa imodzi unkakwana ndiwo za masiku angapo. Komanso kuchipatala anali atatiuza makolo tonse awiri kuti tichepetse thupi, mafuta ndi mchere chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Koma kukanako kunachititsa ana kuona chakudya cha pakhomo ngati chilango.

Ndiye tinaganiza zoiphika tokha. Pitsa inayambira ku Naples, m'dziko la Italy, ngati chakudya cha anthu wamba: buledi wopyapyala wokhala ndi tomato pamwamba. Zimene zimanenepetsa ndi zowonjezerazo: chizi chambiri, masoseji ndi mafuta. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene ya sitachi ili ndi 4. Supuni yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo magalamu 100 a chizi cha cheddar ali ndi pafupifupi 400.

Sitigwiritsa ntchito yisiti, choncho palibe zodikira kuti ufa ufufume. Timasakaniza makapu 2 a fulawa wabulauni, masupuni aang'ono 2 a baking powder, kamchere pang'ono ndi kapu imodzi ya chambiko. Tikakanda kwa mphindi 5, timagawa panayi ndi kupyapyalitsa chigawo chilichonse ndi botolo loyera. Pamoto pamakhala pakuwira tomato 5, anyezi ndi adyo, popanda mafuta, mpaka msuzi utalimba.

Chiwaya timangochipaka timadontho ta mafuta. Mbali imodzi ikapsa kwa mphindi 3, timatembenuza, n'kupaka msuzi uja, n'kuika masamba amene tawafwafwaza kale: bowa, mabilinganya, bonongwe ndi tsabola wobiriwira wosawawa. Chizi timapala magalamu 100 okha, n'kugawa pa mapitsa onse anayi. Tikavundikira, timaika makala ochepa pa chivundikiro kuti chizi chisungunuke. Mphindi 6 zimakwana.

Yoyamba inapserera pansi chifukwa tinakoleza moto ngati wophikira nyemba. Anafe tinaseka, ana anadya pamwamba pokha. Kuyambira pamenepo timaphula makala ambiri tisanaike chiwaya.

Tinaphunziranso kuti kuchepetsa makalori ndi nkhani ya ife akuluakulu. Ana akukula, ndipo amafunika mphamvu. Pa mapitsa awo timawonjezera nyemba zophika kapena dzira, ndi peyala pambali. Ife makolo timagawana imodzi, mbale n'kuidzaza ndi saladi wa kabichi ndi karoti.

Chimene sitinayembekezere n'chakuti mwana wathu wotsiriza, amene mabilinganya ankawasankhira m'mbali mwa mbale, tsopano amawadya. Chifukwa chake n'chimodzi: amawaika yekha. Aliyense timamupatsa chigawo chake kuti akongoletse, ndipo palibe amene amataya chimene wayala ndi manja ake.

Masiku ano Lamlungu madzulo mbaula imayaka msanga. Wamkulu amakanda, wachiwiri amadula tomato, wamng'ono amayang'anira chizi kuti abambo ake asabe. Tikadutsa m'tauni mwezi ukatha, ana amangofunsa ngati kunyumba kuli chambiko.