Anthu Amalipira Kuti Amve Mawu

Mphwanga,

Ndasangalala kumva kuti ampulifaya ija inatsika bwino pa Kalomwe, basi isanawoloke kupita ku Dedza. Nyamapanda, Tete, mabampu onse aja, ndinkaopa kuti ifika ili zidutswa. Koma alongo athu andiuza pa foni kuti mabesi a vidiyo shoo yako akumveka mpaka kwa ogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu, pomwe olipira ndalama mkatimo akungoona milomo ikugwedera osamva mawu. N'chifukwa chake ndakulembera.

Kuno ku Johannesburg ndimathandiza munthu woyika makina otere m'nyumba za anthu olemera, ndipo ntchito yathu yambiri ndi kutsitsa, osati kukweza. Makina akowo ndi a 5.1: masipika asanu ndi chibokosi cha mabesi chija. Pa asanuwo, yofunika kwambiri ndi yaing'ono yapakati, chifukwa mawu a anthu mufilimu amatulukira mmenemo. Uyiyike pansi pa sikirini penipeni, osati pakona. Ukalowa pa menyu, pa Level, kweza Center, sipika yapakatiyo, ndi ma dB awiri kapena atatu, ndipo Subwoofer, chibokosi cha mabesi chija, uyitsitse mpaka malata asiye kunjenjemera. Ngakhale pa ngoma ya kwathu, phokoso la mapazi ndi zishango likapitirira, nyimbo imasowa.

Kenako pali mawu awiri amene amapusitsa anthu: Small ndi Large. Aliyense amafuna Large, poganiza kuti ndiye mphamvu. Iwe sankha Small pa onse asanu, ndipo Crossover uyike pa 80 Hz. Ukatero, mawu onse okhuthala otsika kuposa pamenepo apita ku chibokosi chimene chinapangidwira ntchitoyo, masipika aang'ono n'kupuma. Samaphulika msanga, ndipo mawu amayera.

Pa Distance, bwereka tepi kwa mmisiri wa matabwa, uyeze kuchokera pa benchi yapakati kufika pa sipika iliyonse, ulembe mamitawo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho sipika yapafupi imafika m'khutu isanafike yakutali. Makina akadziwa mtunda, amachedwetsa yapafupiyo pang'ono kuti zonse zifike pamodzi.

Komabe ndisakunamize. Mafilimu ambiri amene anthu akwathu amakonda, omasuliridwa m'Chichewa n'kuyikidwa pa fulashi, alibe mawu a Dolby Digital ogawidwa pasanu. Ali ndi mbali ziwiri zokha, ena imodzi. Pa amenewo sankha Pro Logic, kuti mawu a womasulira asonkhane pakati. Chipinda chikadzaza pa tsiku la mpira, yika Multi Stereo kuti a kumbuyo asadandaule.

Chimene menyu singakonze ndi chipinda. Simenti ndi malata zimabweza mawu, n'kumamveka ngati anthu awiri akulankhulira pamodzi. Azungu kuno amagula zomata pakhoma za mtengo wa ng'ombe. Iwe pachika mphasa, mabulangete akale ndi masaka a chiguduli kumbuyo ndi m'mbali. Anthu akadzaza, nawonso matupi awo amameza mawu, ndiye usayese makina m'chipinda chopanda anthu n'kuganiza kuti watha.

Za magetsi usavutike, a kuno ndi a kwathu ndi amodzi, mavolti 220 mpaka 240. Ndipotu ena mwa amene timayatsa kuno ndi a Cahora Bassa, oyenda pa nthambo makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera m'chigawo chathu chomwecho cha Tete, nkhani imene imandiwawa ndikaiganiza. Ukamagwiritsa ntchito jenereta, dutsitsa magetsi pa sitebilaiza. Polumikiza masipika, waya wofiira pa chofiira, wakuda pa chakuda. Ndipo anyamata asakunyengerere kulumikiza masipika awiri pa malo a imodzi kuti phokoso lifike kumsika: ampulifaya itentha n'kudzizimitsa, tsiku lina osadzukanso. Ukafuna choitanira anthu panja, gula kawailesi kena pa Dedza.

Upereke moni kwa amayi. Ndalama ya feteleza ndituma mwezi ukatha.

Ndine mkulu wako,
ku Johannesburg