Yambani Mwafunsa Khoma

Ife a kuno ku chigwa cha Shire tinaphunzira ndi misozi kuti chinthu cha mtengo wake sichikhala pansi. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, amene anamiza midzi yambiri m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, nasandutsa Makhanga chilumba, analowanso usiku m'nyumba mwathu, m'mudzi wa pakati pa Ngabu ndi Bangula. Kutacha tinapeza sutikesi imene inali kunsi kwa bedi itamwa madzi, ndipo masetifiketi a ana ndi mabuku a kusikelo a adzukulu anali atasanduka phala.

Titabwerako ku msasa, tinapangana awiriwiri kuti zotere zisadzationekerenso. Tinagula matabwa awiri ndi misomali ya mainchesi 6, ndi kukhoma alumali, imene ana amakono amati shelefu, pamwamba pa khoma lathu la zidina. Pamenepo tinasanjikapo mapepala onse, wailesi, ndowa ya mbewu ya mapira, ngakhalenso mbale za alendo. Mitima yathu inakhala pansi, pakuti tinayesa kuti tawaposa nzeru madzi.

Alumali ija inatitumikira zaka 7. Koma mu Januwale 2022, pofika namondwe wa Ana, mvula ya mphepo inamenya khomalo usana ndi usiku mpaka zidina zinafewa. Madzi sanalowe n'komwe m'nyumba, komabe pakati pa usiku tinadzidzimuka ndi chiphokoso. Misomali inali itazuka pamodzi ndi zibuma za dothi, ndipo ndowa ya mapira inagwera pambali penipeni pa mphasa imene mdzukulu wathu wa zaka 4 anagonapo. Ikadasendera pang'ono chabe, bwenzi tikusimba za maliro. Chinthu chimene tinachikweza kuti chitipulumutse ndicho chinafuna kutipweteka.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tinapita kwa mmisiri wina wokalamba wa matabwa ku Ngabu, ndipo iye atafika anagogoda khoma lathu ndi chala, napukusa mutu. "Bambo ndi mayi," anatero, "munafunsa msomali kutalika kwake, koma khoma simunalifunse mphamvu zake." Zimene anatiphunzitsa tsiku limenelo tikufuna kugawana nanu, owerenga athu, popeza makoma a m'chigwa muno ali a mitundu inayi, ndipo uliwonse uli ndi khalidwe lake.

Loyamba ndi khoma la mitengo lomata ndi dothi. Mphamvu yake ili mu nsichi, dothi ndi chovala chabe. Wofuna alumali aimangirire ndi waya ku nsichi zenizenizo, atayamba waona ngati chiswe sichinazidye m'kati. Kapena apachike thabwa ndi waya ku mtanda wa denga, nabowole chivundikiro cha chitini ndi kuchilowetsa pa wayayo kuti makoswe alephere kutsika.

Lachiwiri ndi la zidina, longa lathu. Chidina chimaugwira msomali chikadali chouma, koma chikamwa chinyezi chimautaya. Ndiponso m'madera a dothi la makande, monga kuzungulira Ngabu, nthaka imang'ambika m'chilimwe ndi kufufuma m'dzinja, motero makoma amachita ming'alu. Khoma lotere lisasenzetsedwe katundu. Alumali ikhale ndi miyendo yakeyake, nsanamira zinayi zozikidwa pansi ndi kupakidwa oilo wotha ntchito wa galimoto chifukwa cha chiswe. Ikatero imaima ngakhale khoma litagwa.

Lachitatu ndi la njerwa zootcha. Apa mpoyenera kubowola, koma m'njerwa mwenimweni, osati mumzere wa pakati pa njerwa, makamaka ngati anamangira matope. Pulasitala sagwira kanthu, choncho bowo lipyole pulasitalayo ndi kulowa m'njerwa ngati kutalika kwa chala cha mkombaphala. M'bowomo mukhomedwe chikhomo cha mtengo wolimba, monga tsanya, chouma bwino. Chachiwisi chimafota ndi dzuwa la Okutobala ndipo chimayamba kugwedera. Masiku ano m'masitolo a zipangizo zomangira muli tizikhomo ta pulasitiki togwira ntchito yomweyo. Tsono kumbukirani kuti njerwa za m'mphepete mwa uvuni sizipsa kwenikweni. Yopsa bwino imalira ngati chitsulo mukaigogoda; yosapsa imayankha mogontha, ndipo imanyenyeka pobowola.

Lachinayi ndi la mabuloko a simenti, amene achuluka m'zaka zino. Amaoneka olimba koposa onse, koma ambiri ali ndi mphako m'kati, kotero kuti chikhomo chimangogwira kachikhungwa kopyapyala. Bowolani kumapeto kwa buloko kapena pakati pake pamene pali nthiti, kapenanso pyoletsani bawuti mpaka kuseri ndi kuikako kathabwa kapena kachitsulo kotchinga. M'nyumba za magetsi musabowole molunjika pamwamba kapena pamunsi pa switchi, pakuti mawaya amadzera mmenemo.

Pa makoma onsewa, mmisiri uja anatisiyira malangizo atatu. Thabwa lichirikizidwe kunsi ndi kamtengo kopendekeka, chifukwa katundu amakoka chikhomo cha pamwamba kuti chizuke. Zolemera zikhale m'munsi. Pamwamba pakhale zopepuka zimene madzi angaononge, monga mapepala okulungidwa m'pulasitiki ndi mbewu yochepa m'chigubu chotseka. Ndipo alumali isakhale pamwamba pa malo ogona munthu, kapena poti mwana angaikwere ngati makwerero pofuna shuga.

Tinamvera. Tinazika nsanamira zinayi pangodya yakutali ndi mphasa, motalikirako pang'ono ndi khoma. Anansi ena anatiseka, nati tamanga nsanja ya kudimba m'nyumba. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anafika, ndipo ulendo uno madzi analowa kufikira m'mawondo. Tinathawira kumtunda ndi ana okha ndi zofunda. Pobwerera tinapeza mbali imodzi ya nyumba itagwa, koma nsanja yathu yosekedwa ija inali chiimire m'matope, mapepala ndi mbewu zili zouma. Mbewu yomweyo ndiyo tinakabzala kudimba madzi ataphwa.

Sitikunena kuti alumali ingapulumutse banja ku madzi aukali. Chenjezo likamveka, moyo ndiwo uyambe kukwera kumtunda. Koma pothawa munthu sanyamula zonse, ndipo chotsalacho chimadalira ntchito imene inagwiridwa kunja kuli ngwee. Chifukwa chake, abale ndi alongo, mvula isanayambe chaka chino, tsitsani katundu pa alumali yanu, muigwedeze ndi manja awiri. Ngati dothi likuyoyoka pa msomali, khomalo layankha kale. Musadikire kuti lidzayankhenso usiku, mwana ali m'tulo pansi pake.