Laputopu Yathu Inkadwala Chiyani?

Pano pa seminale chinthu chikaonongeka, funso loyamba limene timafunsa ndi lakuti, "Waononga ndani?" Funso lakuti "Chaonongeka n'chiyani?" limabwera pambuyo, mwinanso silibwera n'komwe. Ndikufuna kukufotokozerani, owerenga okondedwa, za laputopu ya kalabu yathu ya olemba nkhani, imene inatsala pang'ono kuipitsa mbiri ya mnyamata wosalakwa.

Laputopuyi ndi yakale ndithu, koma ndiyo imene timalembera nkhani zonse za m'magazini ino. Mu teremu yachitatu inayamba khalidwe lachilendo. Uli mkati molemba, sikirini yonse inkasanduka ya buluu, pamwamba pali kankhope kachisoni, pansi pali mawu angapo a Chingerezi. Kenaka kompyuta inkazima n'kudziyatsanso yokha, ndipo zonse zimene sunasunge zinkatayika. Anzathu amene ali ndi Windows 11 adziwe kuti kuyambira mu 2025 sikirini imeneyi imaoneka yakuda, koma uthenga wake ndi womwewo: kompyuta yapeza vuto lalikulu ndipo yadziimitsa kuti isaononge zambiri.

M'masiku omwewo mnyamata wina wa Fomu 1 anabweretsa ndakatulo yake pa fulashi ya mkulu wake. Posakhalitsa mphekesera inamveka ponseponse kuti iye ndiye walowetsa vayirasi. Kumalo odyera anzake anayamba kumutchula "Vayirasi", ndipo nkhani inafika kwa Bambo oona za mwambo. Inu makolo mukudziwa kulemera kwa lipoti la kumapeto kwa chaka. Mawu akuti "sasamala katundu wa seminale" akalembedwa, amakafika kunyumba ndiponso kwa Bambo Mfumu ku parishi.

Aphunzitsi athu a phunziro la kompyuta ndiwo anapempha kuti, "Bambo, tipatseni masabata awiri. Kompyuta imasunga mbiri ya matenda ake. Tiyeni tiyambe taifunsa." Bambo anavomera. Ine, pokhala mlembi wa kalabu, ndinapatsidwa ntchitoyi pamodzi ndi malamulo atatu: kukopera nkhani zonse kwina tisanakhudze chilichonse, kulemba m'kabuku chilichonse chochitika, ndi kusintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi. Anati ukamwa mankhwala atatu nthawi imodzi n'kuchira, sudziwa amene akuchiza.

Tinayamba ndi pulogalamu ya mu Windows yotchedwa Reliability Monitor. Imeneyi imandandalika masiku, ndipo tsiku lililonse limene kompyuta inagwa imaikapo chizindikiro chofiira. Zizindikiro zofiirazo zinayamba masabata awiri mnyamata uja asanabwere ndi fulashi yake! Tinafufuza vayirasi mu fulashiyo ndi mu kompyuta momwe, koma sitinapeze kanthu. Komabe ena ankati mwina vayirasi yabisala. Tinaona kuti mphekesera siingathe pokhapokha titapeza chenicheni chodwalitsa.

Ena ankakayikira magetsi, popeza amazimazima. Koma laputopu ili ndi batire, ndipo m'kabuku mwanga munaonetsa kuti inkagwa chaja ili chilumikizire ndiponso itachotsedwa. Ena ankati ndi kutentha. Maganizowa anali anzeru, chifukwa fumbi likatseka fani, purosesa imatentha, ndipo ikayandikira madigiri 100 imachepetsa liwiro kapena kuzimitsa kompyuta kuti isapse. Tinatsegula kunsi kwake, tinachotsa fumbi longa thonje, n'kudikira. Mmawa wina wozizira wa mu Juni, titangotuluka m'Misa, inagwanso isanafunde n'komwe.

Kenaka tinakayikira timapulogalamu totchedwa madiraiva, timene timalumikiza Windows ndi zipangizo monga sipika kapena makina osindikizira. Kamodzi kokha kolakwika kangathe kugwetsa kompyuta yonse. Pa 19 Julayi 2024 fayilo imodzi yolakwika yochokera ku kampani ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni pa dziko lapansi, ndege zambiri n'kulephera kunyamuka. Choncho tinayatsa laputopu mu Safe Mode, m'mene imayenda ndi madiraiva ofunikira okhaokha. Inagwanso. Tinayesa disiki yosungira mafayilo ndi lamulo la chkdsk, koma inali bwinobwino.

Apa m'pamene kabuku kanatithandiza kwambiri. Nthawi iliyonse ndinkalemba mawu a pansi pa sikirini ya buluu ija. Tsiku lina panalembedwa MEMORY_MANAGEMENT, lina PAGE_FAULT_IN_NONPAGED_AREA, linanso IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL. Aphunzitsi atawerenga mndandandawo anati, "Wodwalayu tsiku lililonse akutchula nthenda ina. Zikatere timakayikira RAM."

Anatifotokozera kuti RAM ili ngati bolodi la m'kalasi. Kompyuta imalembapo zimene ikugwira pa nthawiyo, ndipo ikazima zonse zimafufutika. Tiyerekeze kuti pa bolodipo pali malo amodzi pamene choko sichigwira bwino. Mphunzitsi wa masamu akalemba pamenepo, ophunzira akopera nambala yolakwika. Wa Chilatini akalembapo, akopera liwu lolakwika. Tsiku lililonse phunziro lolakwika ndi lina, koma vuto ndi bolodi. Momwemonso kachigawo ka RAM kakaonongeka, 1 amasanduka 0, ndipo pulogalamu iliyonse imene yagwera pamalopo imapunthwa.

Tinatenga pulogalamu yoyesera RAM yotchedwa MemTest86, imene Chris Brady anaitulutsa koyamba mu 1994. Imayendera pa fulashi popanda Windows. Ntchito yake n'kulemba manambala pa malo onse a RAM n'kuwawerenganso kuti ione ngati abwerera monga anapitira. Tinaisiya ikugwira ntchito pambuyo pa mapemphero a usiku. Kutacha tinapeza kuti yaonetsa zolakwika zambirimbiri.

Laputopu yathu inali ndi tizidutswa tiwiri ta RAM, kalikonse ka 4 GB. Titazimitsa kompyuta ndi kuchotsa chaja ndi batire, tinazula kamodzi n'kuyesa kotsalako usiku wonse: panalibe cholakwika. Tinasinthanitsa, kachiwiriko n'kukaika pamalo omwewo kuti tisanamizire malowo: zolakwika zija zinabwerera. Wodwalitsa anapezeka, kachidutswa kosaposa chala kutalika kwake, kamene palibe mnyamata aliyense anakakhudzapo. Lero laputopu ikuyenda ndi 4 GB yokha. Ndi yochedwa ngati ngolo ya ng'ombe, koma sinagwenso, ndipo magazini muli kuwerengayi yalembedwa pamenepo.

Bambo oona za mwambo analengeza zotsatirazi okha pamaso pa tonse, ndipo anatikumbutsa kuti lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu limateteza mbiri ya mnzathu, ngakhale akhale wamng'ono wa Fomu 1. Ndakatulo ya mnyamatayo ili m'magazini momwe muno.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anzanga aseminale, ena mwa ife, Mulungu akalola, tidzakhala ansembe, ndipo anthu adzatibweretsera milandu ya m'mabanja, ya m'miphakati ndi ya ndalama za tchalitchi. Nthawi zambiri adzabwera atatchula kale dzina la wolakwa. Tidzayenera kufunsa kuti vutolo linayamba liti, kumva mbali zonse, ndi kuyesa chinthu chimodzi chimodzi tisanagamule. Kabuku kaja ndakasiya m'chikwama cha laputopu kuti mlembi wa chaka chamawa adzapitirize kulembamo. Ndipo ngati pali kholo kapena Bambo wina amene ali ndi RAM ya laputopu imene sakuigwiritsa ntchito, kalabu yathu idzailandira ndi manja awiri.