Levulo iyambire pa ife

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga akale, kuno ku Mchinji ukangotchula ma Freemason anthu amayamba manong'onong'o. Ine zandikopa ndi zida zawo basi. Gululi, lomwe linatsegula Lodge Nyasa ku Blantyre m'nthawi ya atsamunda, limaphunzitsa khalidwe ndi zida za amisiri osema miyala. Rula ya mainchesi 24 imaimira maola a tsiku. Nyundo ndi yogumulira zizolowezi zoipa. Levulo imakumbutsa kuti tonse ndife ofanana. Koma mwala wosemedwawo ndi munthu mwini wakeyo.

Ife timakhalira kuchonga ana ndi bolopeni yofiira teremu ndi teremu. Nanga tikachedwa ku kalasi, kapena tikakondera mwana wa bwana, amatichonga ndani? Levuloyo tiyambe tadziyeza nayo tokha.