Loweruka la ku Fremont

Ku California ndidapitira mdzukulu. Mwana wanga wamkazi ndi namwino kumeneko, ndipo mwana wake woyamba atakwanitsa zaka zinayi asanayambe kuyankhula, adandiimbira foni usiku wina akulira kuti: “Amayi, tabwerani, ine ndatha nzeru.” Pokwera ndege ku Lilongwe n’kuti mlandu nditaweruza kale. Ndinkati mwanayo akuleredwa ndi TV, ndikakangofika ine, mphunzitsi wa zaka 32 pa choko, sabata ziwiri sizitha asanaitane agogo. Mchimwene wanga adali ndi ake maganizo. Adandinong’oneza kuti zimenezi n’za anthu, n’kundipatsa kamtsitsi koti ndizikaviika m’madzi osambitsa mwana. Ndidakasiya pawindo.

Amakhala mumzinda wa Fremont, pakati pa Oakland ndi San Jose, wa anthu pafupifupi 230,000. Ukafunsa kuti m’tauni ndi pati amasowa pokulozera, chifukwa mzindawu udapangidwa mu 1956 pophatikiza timatauni tisanu. Kum’mawa kuli phiri la Mission Peak, lomwe udzu wake umauma kuti mbuu ngati mapiri a ku Dedza mu Okutobala. Chidandidabwitsa n’chakuti azungu a m’mafilimu aja ndi ochepa. Ambiri ndi ochokera ku India ndi ku China, komanso a ku Afghanistan alipo ndithu. M’sitolo ya 99 Ranch Market ndidapeza mpiru ndi zipalapasiro, ndipo mtima udakhala m’malo.

Sabata ziwiri zija zidatha. Mdzukulu wanga amandanda timagalimoto take mumzere, wina akasuntha kamodzi kokha kulira kwake ngati waotchedwa. Ukamuitana sacheuka, koma makina opera zipatso akalira kukhitchini amatseka makutu. Madokotala adali atanena kale kuti ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kuyankhula, kucheza ndi anthu, ndi momwe munthu amamvera phokoso, kuwala ndi kukhudzidwa. Bungwe la zaumoyo la CDC lidati mu 2025 mwana mmodzi mwa ana 31 a zaka 8 m’madera omwe lidafufuza ku America ali nalo. Patebulo padali mulu wa mapepala omwe mwana wanga, ngakhale ndi wachipatala, ankangowayang’ana.

Tsiku lina ndidapita naye kukayenda ku Lake Elizabeth, kanyanja ka m’paki ya pakati pa mzinda. Atsekwe atadzidzimuka n’kuuluka akulira, mwana adadziponya pansi n’kuyamba kumenyetsa mutu. Ine manyazi adandigwira, ndikumukoka mkono kuti adzuke. Apo padafika mayi wa Chitchaina, msinkhu wanga womwewu, ali ndi mnyamata wamtali wa zaka ngati 30 wovala zotseka makutu. Adavula juzi yake n’kuiika pansi pa mutu wa mwana, n’kundiuza m’Chingerezi chake chodukaduka kuti ndisamunyamule, ndingoima mbali inayo kuti anthu odutsa asamuone. Tidaima choncho ngati mpanda mpaka mwana adatonthola. Kenako adalemba nambala ya foni kuseri kwa lisiti.

Nambalayo ndi yomwe idatifikitsa mu holo ya tchalitchi china Loweruka m’mawa. Mudali makolo ngati 20, tiyi wopanda shuga m’mafulasiki, ndi timabanzi totenthetsa pa nthunzi. Ana adali m’chipinda china ndi achinyamata a kusekondale odzipereka kusewera nawo. Zokambirana zimachitika m’Chimandarini, ena m’Chikantoni, koma ife titalowa bambo wina adakoka mpando n’kukhala pakati pathu kuti azitimasulira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene amalandira malipiro. Wina ndi injiniya wa makompyuta, wina amaphika m’lesitilanti, wina adasiya ntchito kalekale kuti azisamala mwana. Onse adabwera m’dzikomo ali akuluakulu, ndipo onse ali ndi mwana wa autism.

Ntchito yawo yaikulu ndi mapepala aja. Lamulo la California la Lanterman Act, la mu 1969, lidakhazikitsa maofesi othandiza anthu a ulumali wa kakulidwe, omwe pano alipo 21, ndipo amatha kulipira ngakhale munthu wodzakhala ndi mwana maola angapo kuti kholo lipumeko. Lamulo lina la dziko lonse, la IDEA, limakakamiza sukulu za boma kulembera mwana aliyense wotere ndondomeko yakeyake ya maphunziro, yotchedwa IEP. Zonsezi ndi zaulere, koma zimapita kwa wodziwa kupempha. Kholo lomwe Chingerezi chimalivuta, lomwenso lidakula likudziwa kuti mphunzitsi satsutsidwa, limangosaina chilichonse chomwe laikiridwa patsogolo. Makolo a mu holo muja amamasulira mafomu, amayankhana mafunso pakati pa usiku pa WeChat, ndipo wakale amaperekeza watsopano kumsonkhano wa kusukulu.

Mayi uja ndi amene adaperekeza mwana wanga. Asanapite adamukhazika pansi ngati namkungwi. Osapempha kanthu pafoni, koma polemba kalata, chifukwa kalata ikafika sukulu ili ndi masiku 15 oti iyankhe za kumuyeza mwana. Osasaina tsiku lomwelo, kutenga mapepala n’kukawawerenga kunyumba. Kusunga chilichonse m’fayilo imodzi. Yake adatiwonetsa, yonenepa ngati Baibulo la paguwa. Pamsonkhanopo akuti sadayankhule zambiri, adangokhala pambali n’kumalemba, koma mwana wanga adabwerako ndi maola ophunzitsira mwana kuyankhula, olembedwa ndi manambala.

Chomwe chidandikhudza kwambiri ndi nkhani za manyazi. Bambo womasulira uja adandifotokozera kuti m’Chitchaina vutoli lili ndi mayina awiri, zibizheng, kutanthauza matenda odzitsekera, ndi guduzheng, matenda a kusungulumwa. Ku China ana oyamba adapezeka nalo mu 1982, ndi dokotala Tao Guotai wa ku Nanjing, ndipo sukulu yotchuka ya Stars and Rain ku Beijing idayambitsidwa mu 1993 ndi Tian Huiping, mayi wa mwana wotere. Choncho ambiri mwa makolowa adakula osalimvapo. Ali ndi mawu akuti mianzi, nkhope, ulemu wa banja pamaso pa anthu. Mayi uja adatha zaka asakutumiza zithunzi za mwana wake kwawo, ndipo apongozi ake atadziwa adati cholakwika chili kuchikazi. Ndidaseka mwachisoni, poti mlandu umenewu ndimaudziwa. Kulikonse umagwera mayi. Mu Fremont momwemo muli bungwe lalikulu la Friends of Children with Special Needs, lomwe mabanja ochepa a Chitchaina adaliyambitsa mu 1996. Kagulu komwe ine ndinkapitako n’kakang’ono, kopanda ngakhale chikwangwani, koma chiyambi chake n’chimodzimodzi: makolo otopa ndi kubisa ana.

Nditakhala pamenepo ndidakumbukira mnyamata wina wa mu Sitandade 2 zaka zambiri zapitazo. Ankakhala kumbuyo akudzigwedeza, belu likalira n’kutseka makutu. M’kalasi ya ana oposa 100 ndidamutcha wamwano, ndipo ndidamukwapulapo kangapo. Chaka chisanathe adasiya kubwera. Sindidapite kukafunsa kwawo. Nkhaniyi sindidauzepo munthu mpaka Loweruka limenelo, pomwe ndidaiulula kwa mayi wachilendo kudzera mwa womasulira. Sadandiweruze kapena kunditonthoza. Adangondithirira tiyi wina.

Ndisanamize owerenga kuti zonse zimayenda bwino kumeneko. Amakangana zedi. Ena amathamangira mankhwala azitsamba ndi zakudya zodula zomwe ena amati n’kutaya ndalama. Ena amafuna mwana achire basi, pomwe anzawo amati palibe chochiritsa, chofunika n’kumuphunzitsa kukhala momwe alili. Abambo amabwera ochepa. Ndipo pali funso lomwe likangofunsidwa holo yonse imati zii: ife tikadzafa, anawa adzakhala ndi ndani? Sukulu imathera pa zaka 22. Abale ali kutsidya la nyanja ya Pacific, ndipo ambiri mwa makolowa adabadwa okha m’banja kapena adabereka mwana mmodzi.

Ndidakhala miyezi isanu. Mdzukulu wanga sadanene kuti agogo. Koma ali ndi timakadi ta zithunzi tomwe mayi uja adatiphunzitsa kupanga, ndipo akafuna phala amabweretsa kakadi ka mbale n’kundiika m’manja, osati kwa amake, chifukwa adaona wophika bwino.

Sabata yomaliza mayiyo adanditenga pa galimoto yake m’mamawa. Ndimayesa tikupita kokagula zinthu. Tidaima chapatali ndi siteji ya basi ya AC Transit, pomwe mwana wake wamtali uja adaima yekha, chikwama kumsana, khadi lolipirira m’manja. Adali atatha miyezi akumuphunzitsa ulendo wopita kumalo komwe amalongedza katundu. Basi itafika mnyamatayo adakwera, ife n’kuitsatira pambuyo, magalimoto awiri pakati kuti asatione. Pa siteji iliyonse mayiyo amawerenga chamumtima, milomo ikugwedera. Pa yachisanu ndi chiwiri chitseko chidatseguka, mnyamata adatsika, n’kuyang’ana uku ndi uku asanawoloke msewu.