Chovomerezeka, koma wavomereza ndani?

Chichewa chili ndi mawu ambiri onena kuti chinthu tsopano chakhazikika ndipo palibenso wochitsutsa. Ukwati timamanga, ufumu timalonga, mtsogoleri timamulumbiritsa, bungwe timakhazikitsa. Palinso ena amene anafala pamene mapepala anabwera: kusaina, kulembetsa, kudinda chidindo. Kusukulu tinkangowaloweza ngati ofanana, koma kwathu ku Ndunde safanana konse. Oyambawo amafuna anthu oti aone ndi maso. Enawa amangofuna inki.

Taonani kumanga ukwati. Pa chinkhoswe mabanja awiri amakumana poyera, ankhoswe amadziwana, nkusinthana nkhuku, tambala ndi thadzi. Kuyambira tsiku limenelo, banja likavuta aliyense amadziwa khomo loti agogode. Palibe chimene chalembedwa, komatu mudzi wonse ndiwo kaundula wake.

Amayi anga aang'ono anakwatiwa motero, ndipo anakhala m'banja zaka zoposa 20. Amuna awo atamwalira, anapita ku Limbe kukafunsa za ndalama zimene malemuwo anasiya kuntchito. Mlembi wa kumeneko anawafunsa funso limodzi: "Mayi, ukwati wanuwo unali wovomerezeka?"

"Eya, ankhoswe onse alipo amoyo," anayankha motero.

"Ayi mayi, ndikunena pepala. Mtchatho uli kuti?"

Anabwerako ali chete, nkundiitana. "Mwanangu, iwe unapita kusukulu. Ana asanu ndabereka m'nyumba ija, ndiye akuti ndikatenge umboni woti ndinali pabanja?" Tinapita kwa amfumu, omwe analemba kalata nkudindapo chidindo chawo. Kalatayo inakadindidwanso ku ofesi ina ya boma, ndipo pa ulendo wachitatu wa pa minibasi zinthu zinatheka. Amfumuwo anali nawo pa chinkhoswe chija. Zimene analemba ndi zomwezo zimene akananena pakamwa, koma pakamwa pawo sipakanamveka ku Limbe popanda kamphira kozungulira kaja.

Chowawa nchakuti lamulo linali kumbali ya amayi. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa mwambo mofanana ndi wa kutchalitchi kapena wa kwa DC. Koma lamulo limakhala m'buku, pamene pawindo pamakhala munthu amene amangodziwa kufunsa pepala basi.

Kuyambira pamenepo mawu akuti "chovomerezeka" ndimawamvetsera mosamala. Kuvomera ndi kuyankha, monga mmene wina amayambitsira nyimbo ena nkuvomera. Ukati chinthu "chavomerezedwa," womva angathe kufunsa kuti ndi yani. Koma ukati "nchovomerezeka," kachidutswa ka -eka kaja kamabisa wovomerezayo, ngati kuti chinthucho chinabadwa chotero. Nchimodzimodzi ndi mwana amene waswa mbale nkunena kuti "yasweka."

Ife a ku Chiradzulu tili ndi chifukwa chokayikira mawu oterewa. M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston ankapereka kwa azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zotsimikizira kuti malo amene ankati anagula kwa mafumu ndi awodi. Ndi mapepala otero malo aakulu a ku Magomero anakhala a A. L. Bruce Estates, ndipo anthu okhala pamenepo anayamba kugwira thangata kuti asathamangitsidwe. Zonsezo zinali zovomerezeka. Anthu olima minda ija sanavomere, ndipo pa 23 Januwale 1915 anthu a John Chilembwe, ochokera ku Mbombwe m'boma lathu lomwe lino, anaonetsa kukana kwawo.

Sindikunyoza pepala ayi. Ankhoswe amamwalira, mboni zimaiwala, ndipo ena amasintha mawu akaona ndalama. Pamene boma linkalembetsa anthu ziphaso za unzika mu 2017, agogo anga anadinda chala mosangalala, chifukwa kwa nthawi yoyamba dzina lawo linali pa chinthu chimene palibe angachifufute ndi malovu. Mayi wamasiye amene ali ndi mtchatho m'chikwama savuta kumuteteza achibale a mwamuna akabwera kudzazula malata.

Nkhawa yanga ili pa minda. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola anthu kulembetsa malo awo nkulandira chikalata. Kwathu kuno munda umayenda ndi akazi: wa agogo umapita kwa amayi, wa amayi kwa alongo anga, ndipo mwamuna amabwera kudzakhala chikamwini. Amalume, eni mbumba, amayang'anira koma sakhala eni munda. Nanga tsiku lolembetsa likadzafika, cholembera adzagwira ndani? Kawirikawiri chimagwera amene amadziwa kulemba ndi kuyankhula ndi a boma: amalume, kapena mnyamata wa digiri ngati ine. Dzina limodzi likalowa molakwika pa fomu, chidindo chidzagwetsa zimene mibadwo inamanga, ndipo adzukulu adzangouzidwa kuti nzovomerezeka.

Nchifukwa chake pakhomo pathu tinagwirizana kuti fomu iliyonse yokhudza munda ndiziiwerenga mokweza, m'Chichewa, amayi ndi abale awo onse atakhala pamphasa. Akavomera ndi pakamwa, mmodzimmodzi, ndipamene ndidzalembe. Chidindo chizibwera pambuyo, kudzachitira umboni zimene anthu anena kale.