Anandiganizira Umbava, Mulungu Anandiyeretsa

Ndikuthokoza Mulungu amene anandichotsera chitonzo cha umbava.

Ndinkasunga makiyi a nyumba ya katundu pa kampani ina ku Limbe. Matumba a feteleza atasowa, aliyense analoza chala ine. Anandipatsa kalata yachingerezi yondiimitsa ntchito, kenako apolisi anabwera kudzanditenga. M'kalatamo munali mawu akuti "suspect" ndi "alleged". Sukulu ndinalekezera folomu 2, choncho ndinangoti basi, andigamula kale kuti ndine wakuba. Kwathu nkhani inafala msanga. Ana anga ankatchedwa ana a mbava kusukulu, ndipo mayi akunyumba ankapita kumjigo kusanache kuthawa manong'onong'o.

Ndili m'chitolokosi kunabwera mayi wina wothandiza anthu pa zamalamulo. Atawerenga kalata ija anati, "Bambo, musataye mtima. 'Suspect' ndi munthu amene akungomuganizira. 'Alleged' ndiye kuti ndi zonena chabe, palibe amene wazitsimikiza." Anandiuzanso za gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, omwe anakhazikitsidwa mu 1994. Limati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo atengedwe ngati wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Usiku umenewo ndinapemphera ndi mtima wina. Posakhalitsa ananditulutsa pa belo.

Mawu amene anandilimbitsa koposa ndi akuti "beyond reasonable doubt". Mayi aja anafotokoza kuti pa mlandu ngati wangawu, mtolo wa umboni umakhala pamutu pa aboma. Ayenera kusonyeza kuti munthu anabadi, mosasiya chikayiko chomveka mumtima mwa woweruza. Sindinkayenera kuthyoka khosi kutsimikiza kuti sindinabe.

Kukhoti, kudzera mwa womasulira, ndinamva zonse. Zinadziwika kuti makiyi ena anali ndi anthu enanso, ndiponso kuti usiku umenewo kaundula wa pageti sanalembedwe. Palibe mboni imene inandiona ndi thumba ngakhale limodzi. Woweruza anati umboni unali wosakwanira, ndilibe mlandu woti ndiyankhe. Mayi akunyumba analira pomwepo, misozi yachimwemwe.

Kuntchito kuja sindinabwerereko. Lero ndili ndi okala yanga, ana ali pasukulu, ndipo ena mwa amene ankandithawa amadzagula kwa ine.

Pempho langa ndi ili. Mukamva pa wailesi kuti wina akuganiziridwa mlandu, musathamangire miyala, musanyoze ana ake. Mlandu usanazengedwe, munthuyo akadali wosalakwa, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukalandira kalata yachingerezi imene simukuimvetsa, musasayine kapena kutaya mtima musanapeze wokumasulirani. Ine Mulungu ananditumizira wotero pa nthawi yake, ndipo dzina lake lilemekezeke. Ameni.